Chaka cha Nkhuku za Mphete

Anzanga amachitchula chaka cha chimanga chachikasu, chifukwa ndi chimene boma linkagawa minda itatipsera. Ine ndikachikumbuka, zimayamba kubwera m'maso ndi nkhuku. Ndine Agata, Nabanda, wa m'munsi mwa phiri la Chongoni. Nthawi imeneyo ndinali ndi ana atatu, woyamba Sisiliya, ndipo amuna anga, a Fabiano, anali pachikamwini kwathu kuno. Nyumba yoyandikana ndi yathu inali ya akulu anga, a Rozina, amene amuna awo anali atamwalira n'kuwasiyira ana anayi. Tinabadwa awiri okha m'mimba mwa mayi athu, ndipo kufikira chaka chimenecho sitinkamanana ngakhale mchere.

Okutobala

Mvula ya dzinja lapitalo inadula chimanga chikuyamba kumene kumasula. Zimene tinakolola zinatifikitsa mu Ogasiti basi. Pofika Okutobala nkhokwe zinali pululu mudzi wonse, ndipo tinkadalira chimanga chachikasu chija, chimene ankagawira kusukulu. Unkaima pamzere kuyambira m'mawa, khadi la chipani lili m'manja, n'kubwerera dzuwa litapendeka ndi kachidebe kosatha masabata awiri. Ena ankati kumene chimachokera chimadyedwa ndi ng'ombe. Ena ankati anathiramo mankhwala oletsa kubereka. Tinkanong'onezana zimenezo uku tikudya.

Chuma chimene chinatsala ndi nkhuku. Kutsidya kwa msewu waukulu, ku Mozambique, nkhondo inali itangozirala, ndipo kunali anthu osinthitsa chimanga ndi ziweto. Thadzi lalikulu linkabweretsa kabeseni kamodzi. Koma mwezi womwewo nkhuku zinayamba kudwala. Sichinali chitopa, pakuti chitopa timachidziwa, chimasesa khola lonse masiku atatu. Iyi inali nthenda yapang'onopang'ono. Msoti unkayamba kutsimphina, kenako n'kukhalira pansi, mwendo wina kutsogolo wina kumbuyo. Diso linkachita phulusa. Ukautumbula, chiwindi chinkakhala chachikulu, chodzaza timibulu toyera.

A Rozina anali ndi nkhuku zambiri kuposa ine, koma zinkatha imodziimodzi. Zanga zinali za kameta, zopanda nthenga m'khosi zija, mbewu ya malemu mayi athu. Analipo mathadzi asanu ndi tambala mmodzi. Zinkadyera bwalo limodzi ndi za akulu anga, koma panalibe ngakhale imodzi yotsimphina.

"Kodi zakozi umazimwetsa chiyani?" anandifunsa a Rozina tsiku lina, atanyamula msoti wakufa.

"Madzi a pachitsime, monga zanu zomwe."

Anandiyang'ana, n'kulowa m'nyumba.

Sabata yomaliza ya mweziwo kunabwera galimoto. Munatsika alangizi a ziweto a dera lathu ndi mayi wina wa diresi lalitali ndi majombo. Anati ndi Mayi Tembenu, dokotala wa ziweto wochokera ku Lilongwe. Anali ndi kalata yadidindo ya ku boma, imene anaonetsa a Lifeyo, tcheyamani wa chipani m'mudzi mwathu. Kenako anayamba kuyenda khola ndi khola. Ankagwira nkhuku, kuitambasula phiko, kubaya singano pamtsempha, n'kukokera magazi pang'ono m'kabotolo. Ankazulanso nthenga ziwiri. Timabotoloto ankatiika m'bokosi lozizira.

Kwathu kuno nkhani ya magazi si yocheza. Tinakula tikumva za anthu opopa magazi n'kukagulitsa kunja. Amayi anayamba kuitana ana awo kuti alowe m'nyumba.

Atafika pakhomo panga n'kumva kuti zanga sizikudwala, mayiwo anakhala pamwala, n'kundiuza kuti ndikhale pafupi. Anati nthendayo ndi khansa ya nkhuku, ndipo imayamba ndi kachilombo kosaoneka ndi maso, koyenda m'fumbi la nthenga. Kachilomboko kakalowa m'thupi, kamakabisala m'kati mwenimweni mwa zimene nkhuku inatengera kwa make ndi atate ake. Koma pali mbewu zina za nkhuku zimene kachilomboko kamalephera kuzitupitsa, ndipo iwo ankafuna kudziwa chifukwa chake.

"Zili ngati malemba ang'onoang'ono m'magazi," anatero. "Timawatcha majini. Anzathu a kunja ali ndi makina owerengera malembawo, ndiye magaziwa ndimatumiza kumeneko."

Amayi awiri amene anaima kumpanda anayang'anizana atamva liwu loti majini.

Pempho lawo linali lakuti ndisunge nkhuku zanga kufikira nthawi yokolola, osapha, osasinthitsa. Mathadzi atatu akhale ndi tambala wanga, awiri akhale ndi tambala wakuda wa a Rozina, wa mbewu yodwala ija, kuti aone anapiye atengera mbali iti. Posinthana ndi zimenezo, azindibweretsera thumba la chakudya cha nkhuku mwezi uliwonse.

A Fabiano anali ataima pakhomo nthawi yonseyi. Iwo anagwirapo ntchito kumigodi ya ku Joni. Tsiku lina kumeneko anafoletsa Amalawi onse n'kuwatenga magazi. Sanauzidwe chimene chinapezeka, koma pasanathe nthawi anakwezedwa ulendo wa kumudzi, ntchito n'kuthera pomwepo.

"Ifenso anayamba nafe chonchi," anatero galimoto itapita. "Kabotolo, nambala, mawu okoma. Mayi a Sisiliya, kanani."

"Nkhuku ndi za mayi anga," ndinayankha. Ndinali nditavomera kale, ndipo chimene chinandivomeretsa ndi thumba lija.

Novembala

Mvula yoyamba inagwa bwino, fungo la dothi n'kudzaza mudzi. Tinabzala mbewu yochepa imene ndinabisa m'mphika kudenga, ndi ina yopempha kwa anthu a kutchalitchi. Mizere ina inangokhala yopanda kanthu.

Alangizi anabwera ndi waya n'kugawa khola langa pawiri. Mayi Tembenu anagula tambala wakuda uja kwa a Rozina, ndipo nkhuku iliyonse anaiveka mphete yachitsulo kumwendo, yokhala ndi nambala. Thumba loyamba linatsitsidwa anthu akuona. Munali chimanga chogaya mokhakhala, chosakaniza ndi zinthu zina zofiirira zonunkha nsomba youma.

Pofika Lamulungu, mudzi wonse unali utadziwa kuti Agata akuweta majini m'khola. Ena ankati mphete zija zimamva zolankhula anthu n'kukanena ku Lilongwe. Kuchitsime, ndikafika, nkhani inkasintha n'kukhala ya mvula. Mayi wina amene ndinabatizitsa mwana wake anayamba kuzungulira njira yakutali kuti asadutse pakhomo panga.

Ine zimenezo sizinandiwawe kwambiri. Chinkandiwawa ndi m'mawa uliwonse, pothira chimanga m'khola ana anga ataima pawaya akuyang'ana nkhuku zikujompha.

Disembala

Masuku a m'nkhalango anatha msanga chifukwa midzi yonse inathamangira komweko. Tinayamba kuphika mapichesi osapsa. Chimanga chachikasu sichinabwere mwezi umenewo. Ankati malole atitimira, ena ankati chapita kwa othawa nkhondo, ena ankati chili m'nyumba za akuluakulu. Tinkapalira m'mimba muli gwaa, ukawerama n'kuweramuka maso ankachita mdima.

Tsiku lina ndinatenga lichero, n'kutapa m'thumba la nkhuku, n'kuyamba kupeta. Zofiirira zija ndinkaziika pambali, chimanga n'kuchitsuka katatu, kuchiyanika, n'kuchisinja. Phala lake linkanunkhabe nsomba, koma ana anamwa mpaka kunyambita mbale. A Fabiano anayamba akana, ati m'menemo ndi mmene muli mankhwala enieni. Tsiku lachitatu anamwa.

A Rozina anamva kusinja. Anabwera n'kuima pamtondo, mwana wawo wamng'ono, Tereza, wazaka zinayi, atawagwira chitenje.

"Ndiye ndiwe wekha wodya za majini?" anatero, akumwetulira pang'ono.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkawapatulira mbale imodzi masiku awiri aliwonse, podutsira kuseri kwa nthochi. Nkhuku ndinkazipatsa zofiirira zija ndi zotsalira, ndipo ndinkazifukulira chiswe.

Anapiye oyamba anaswa Khirisimasi ili pafupi. Mayi Tembenu anali atandiphunzitsa kulemba dzira lililonse ndi pensulo, kuti lidziwike la thadzi liti. Atabwera, mwanapiye aliyense anamuika kachitsulo paphiko, n'kulemba m'buku make ndi atate ake. Kenako anaika mathadzi pasikelo, limodzilimodzi. Anayang'ana sikelo, anayang'ana ana anga, n'kutseka buku. Sananene kanthu, ndipo kusanena kwawoko kunandisowetsa mtendere mwezi wathunthu. Ndinkati akukandinenera.

Januwale

Uwu ndiwo unali mwezi woipitsitsa. Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku, nkhungu itakuta phiri, chimanga chili chobiriwira mpaka m'chiuno, koma chodya panalibe. Amayi ankalawirira ku bowa m'nkhalango, kuthamangitsana ndi alonda. Ena anafukula zitsa za nthochi n'kuzisinja. Ganyu wobandira m'minda ya kachewere ku Kaphuka ankalipira kambale ka madeya tsiku lonse, ndipo ngakhale ameneyo ankalimbirana. Nkhuku kutsidya kuja inali itatsika mtengo, thadzi linkangobweretsa mbale imodzi.

Mayi Tembenu anabwera ndi matumba awiri. Anandiitanira kuseri kwa khola.

"Ili ndi la nkhuku," anatero. "Ili ndi chimanga chokhachokha, mulibe chosakaniza. Zija munkadya muli mankhwala a nkhuku, si zabwino kwa ana. Ndalemba kuti nkhuku zachuluka chifukwa cha anapiye. Musandifunse zambiri, ndipo musauze munthu."

Ndinathokoza, koma mumtima ndinkadzifunsa kuti munthu wa boma angandichitire zotere pofuna chiyani. A Fabiano anati ng'ombe yokaphedwa ndi imene amaidyetsa bwino.

Masiku amenewo kunali kutamveka kuti kudzakhala voti yoti anthu asankhe, chipani chimodzi kapena matipate. Aliyense ankayang'anitsitsa mnzake. Mphekesera inasintha, inati m'bokosi lozizira lija, pansi pa timabotolo, mumabwera makalata a matipate. A Lifeyo anafika pakhomo ndi anyamata awiri a chipani. Anazungulira khola, n'kuima pa tambala wakuda uja.

"Nabanda, tambala wakuda ndi chizindikiro cha chiyani m'dziko muno?"

"Cha chipani, a tcheyamani."

"Nanga inu mwamutsekera m'waya, n'kumumanga chitsulo kumwendo. Mukufuna kuuza anthu chiyani?"

Ndinagwada n'kufotokoza za anapiye, za khansa, za kalata yadidindo imene iwo omwe anaiona. Anamvetsera maso ali pakhomo lotseguka, kenako anafunsa za thumba lachiwiri lija. Pochoka, mmodzi wa anyamata aja ananyamula beseni lodzaza chimanga, ndipo nkhani ya tambala inathera pomwepo. Koma ine ndinatsala ndi funso. Anawauza ndani kuti matumba ndi awiri? Anthu amene ankadziwa anali a m'nyumba mwanga ndi a Rozina.

Mwezi womwewo a Fabiano anandionetsa miyendo yawo. Anali akuwonda kuyambira kale, koma tonse tinkawonda, ndiye sindinalabadire. Tsopano m'miyendo munali mutatuluka zotupa zakuda, zolimba, zosapweteka. Ankazibisa m'thalauza, koma zinafika kuphazi, ndipo anthu anaona. Kuchitsime anati nthenda ya nkhuku yalowa mwa munthu. Ena anati majini a Agata ayamba kudya a m'nyumba momwemo.

Febuluwale

Mwa mathadzi asanu aja linalipo limodzi lofiira, lalikulu, limene Mayi Tembenu ankalisamala kuposa onse. Linali la mbali ya tambala wakuda, ndipo anapiye ake onse anali amoyo, pamene ena a thadzi linzake anali atayamba kufooka. Ankati yankho limene akufuna likhoza kukhala mwa ilo.

M'mawa wina ndinapita ku bowa. Pobwerera dzuwa lili pamutu, ndinapeza thadzi lofiira palibe. Waya sanadulidwe, chitseko chinali chomanga bwinobwino. Si vumbwe, si galu. Anali munthu wodziwa mfundo yanga. Ana anali atatsagana nane m'mawa umenewo mpaka m'mphepete mwa nkhalango, ndipo a Fabiano anati anapita kukafuna ganyu, sanaone kanthu.

Madzulo ake mphepo inabweretsa fungo la nyama kuchokera kwa a Rozina. Mawa lake ndinapita kudzala lawo n'kufukula ndi kamtengo. Ndinapeza nthenga, zina zakuda zina zofiirira.

Sindinapite kukawafunsa m'nyumba monga mng'ono amafunsira mkulu wake. Ndinawapeza kuchitsime, pali amayi oposa khumi, ndipo miyezi yonse yonyozedwa ija inanditulukira pakamwa.

"Akulu, mphete mwaitaya kuti?"

"Mphete yanji?"

"Ya nkhuku imene munadya dzulo. Ndimakupatulirani chimanga ana anga akuona, inu n'kukandinenera kwa a Lifeyo. Sizinakukwaneni, mwalowanso m'khola."

A Rozina anatsitsa ndowa pansi. "Ndinapha nkhuku yanga yomaliza, yodwala. Chiwindi ndinataya, nyama ndinapatsa ana. Agata, ukunditcha wakuba ine?"

"Nthenga zofiira zili kudzala kwanu."

"Nkhuku yofiira ndi yako yokha m'dziko muno?"

Amayi aja anasiya kutunga. Anali omwewo ankandinena za majini, koma tsiku limenelo ndinaona ena akugwedeza mitu kuvomereza ine, ndipo zinandikomera. A Rozina anasenza ndowa yawo n'kunyamuka, madzi akutayikira kumsana.

Ndinasiya kuwapatulira. Palibe anandiuza kutero. Ndinkadutsa pa nthochi paja ndi mbale yopanda kanthu, ndikudziuza kuti wakuba adye zimene waba. A Fabiano anayesa kamodzi kundilankhula.

"Mayi a Sisiliya, ana a alamu alibe mlandu."

"Ndiye kawapatseni gawo lanu," ndinatero. Anaweramitsa mutu.

Mayi Tembenu atamva za thadzi lija anasuzumira m'khola. Kenako anati, "Magazi ake ndili nawo, anapiye ake alipo. Ntchito yachepa mphamvu, koma siinafe." Thumba la chimanga anatsitsabe. Ine ndinali nditakonzeka kuti atilanda zonse.

Malichi

Tereza anayamba kutupa mapazi ndi nkhope, tsitsi n'kufiira. Ndinkamuona atakhala pakhonde osasewera. Ndinadziuza kuti maungu atsala pang'ono kukhwima, apirira. Tsiku limene ndinatumiza Sisiliya ndi mbale ya ufa, a Rozina anali atanyamuka kale ndi mwanayo kumsana kupita kuchipatala cha mishoni. Anabwerako patatha masiku anayi, mwana atakulungidwa m'chitenje.

Pamaliro ndinalowa m'nyumba kuti ndithandize kusambitsa mtembo, monga mayi wake wamng'ono. A Rozina sanakweze mawu. Anangouza mayi wina wa kumphakati wa tchalitchi kuti, "Muuzeni akhale panja." Ndinakhala panja, pamodzi ndi anthu a midzi ina. Patangotha sabata ndi theka, maungu anakhwima m'munda mwawo ndi mwathu momwe.

A Fabiano sanathe kufika kumanda. Miyendo inali itatupa, zotupa zitakwera mpaka m'ntchafu. Mayi Tembenu atabwera, ndinawagwira dzanja n'kuwalowetsa m'nyumba.

"Mumawerenga magazi a nkhuku. Atengeni awa muwerenge. Ngati ndi nthenda ya m'khola mwanu, mundiuze."

Anagwada n'kuyang'ana miyendoyo bwinobwino. Pamenepo ndi pamene ndinaona mphini zatsopano zotemedwa mozungulira zotupazo, koma ndinaganiza kuti ndi za mankhwala a azibambo anzawo.

"Kachilombo ka nkhuku sikalowa mwa munthu," anatero. "Ngakhale mutadya nyama yake. Izi ndi zina, ndipo ine si dokotala wa anthu. Bambo, kwerani galimoto ndikusiyeni kuchipatala ku boma."

"Akanditengenso magazi?" anafunsa a Fabiano.

"Mwina. Koma ulendo uno mufunse chimene apeza. Ndi magazi anu."

Anakwera. Kuchipatala anagona masiku asanu. Adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndi khansa ya pakhungu, imene imabwera thupi likafooka ndi matenda atsopano aja, amene masiku amenewo sitinkawatchula dzina. Anati ndiwatengere kunyumba. Kumudzi sindinauze munthu. Ndinaona kuti kuli bwino azinena za nkhuku.

Epulo

Chimanga chinachita bwino chaka chimenecho, ngakhale chopanda feteleza. Tinadya dowe, tinasinja chitibu, ana anayambanso kuthamanga. Anthu amene ankazungulira njira anayambanso kudutsa pakhomo n'kupereka moni ngati palibe chinachitika.

Mayi Tembenu anabwera komaliza ndi mabokosi a waya. Anapiye onse amphete anali oti apita nawo, akawatumbule aone m'kati. Zimenezo sanandiuze poyamba, ndipo ndinawauza kuti sanachite bwino. Anavomera. Mathadzi anayi ndi tambala wanga anandisiyira, atavula mphete.

Asananyamuke anatulutsa pepala limene linachokera kunja kuja. Anati magazi oyamba aja awerengedwa. Nkhuku zanga zonse zinali nako kachilombo, kuyambira tsiku loyamba. Zinali ndi malemba ena otengera kumtundu amene ankaletsa zotupa, koma kachilomboko zinkakasunga, n'kumakawaza m'fumbi la nthenga.

"Ndiye za akulu anga zinkatengera kwa zanga?"

"Zikhoza kutero. Sindingalumbire, kachilomboka kali paliponse. Koma zikhoza kutero."

Galimoto inapita, ndipo sindinawaonenso. Zimene anapeza mwa anapiye aja sindinazimve mpaka lero.

Tinkasanja mikukwe pamene a Fabiano analephereratu kudzuka. Tsiku lina masana ndinawatulutsa kuti awothe dzuwa pakhonde. Anayang'ana khola nthawi yaitali.

"Mayi a Sisiliya, khalani pansi. Nkhuku ija alamu sanabe."

Ndinakhala.

"Ndinatenga ndine. Kutsidya kuja kuli sing'anga. Ndinamuuza za nkhuku zanu, iye anati ndibweretse imene nthenda ikuilephera, atemere magazi ake m'miyendomu. Ndinaganiza kuti ngati mayi wophunzira uja akuwafuna magazi amenewo mpaka kuwakweza ndege, ndiye kuti muli mphamvu. Ndinafuna kukhala moyo."

"Nanga kuchitsime kuja? Munamva zimene ndinanena. Munakhala chete mwezi wonse, mwana akutupa."

"Ndinaopa. Ndine mkamwini, wodwala, wopanda ntchito. Ndinati mukadziwa mundithamangitsa, ndikafera panjira." Anapuma kaye. "Za matumba awiri zija ndinenso. Ndinawauza a Lifeyo pofuna kuti amuletse mayiyo kubwera."

Ndinadzuka n'kupita kumunda. Ndinadula mapesi mpaka manja anatuluka magazi. Pobwerera ndinawaphikira phala n'kuwamwetsa, chifukwa panalibe wina woti awamwetse.

Meyi

Anamwalira sabata yachiwiri ya Meyi, chisanu chitayamba, chimanga chili m'nkhokwe. A Rozina anabwera pamaliro, anatunga madzi, anaphika ndi amayi ena, koma ine sanandiyang'ane.

Anthu atabalalika, ndinadikira masiku atatu. Lachinayi ndinagwira thadzi limodzi la kameta kuti ndipite nalo kwa a Rozina, kenako ndinakumbuka pepala lija n'kulibwezera m'khola. Ndinapita chimanjamanja. Ndinawapeza pamphasa kuseri kwa nyumba akutonola chimanga. Ndinagwada patali pang'ono n'kunena zonse, za sing'anga, za a Lifeyo, za kachilombo kamene nkhuku zanga zinkasunga. Manja awo sanaime.

"Ndinkadziwa," anatero nditamaliza. "Ndinawaona alamu m'mawa umenewo akudutsa pa nthochi, nkhuku ili m'jekete, miyendo ikuonekera."

"Akulu! Bwanji simunanene?"

"Pamaso pa amayi onse aja? Kuti mwamuna wako, woti akufa, ndi wakuba?" Anataya chitsononkho n'kutenga chimanga china. "Ndinati ubwera kunyumba udzandifunse tili awiri. Ndinakudikira, Agata. Tsiku lililonse ndinkamva mapazi ako pa nthochi paja."

Ndinangokhala chogwada, mawondo akuwawa ndi timiyala. Patapita nthawi anasendeza miyendo yawo, pamphasa n'kutsala malo. Ndinakhalapo, n'kutenga chimanga m'dengu. Tinatonola mpaka dengu linatha.

Tinakhalanso moyandikana zaka zambiri. Tinkapemphana moto, tinkalimirana, ana awo ndinawathandiza kukwatitsa. Koma dzina la Tereza sitinalitchule tsiku limenelo, ndipo mpaka a Rozina anamwalira, sitinalitchulepo tili awiri.